Khutba ya Lachisanu: Bala la M'mutu Limene Silituluka Magazi

KHUTBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, amene anaumba munthu namuikira nzeru m'mutu, nazitchinga ndi fupa lolimba monga mwini nkhokwe amatchingira chimanga chake. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo wake ndiponso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira kufikira Tsiku la Kiyama.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ine mwini pamodzi ndi inu kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera, ndipo timuope makamaka pa mawu amene timayankha munthu akavulala ali m'manja mwathu.

Imam Abu Dawud, m'buku lake la Sunan, pa khomo lonena za ukhondo, analemba nkhani yochokera kwa swahaba Jabir bin Abdillah, Allah asangalale naye. Maswahaba ena anali pa ulendo, ndipo mmodzi wa iwo anagundidwa ndi mwala m'mutu nakhala ndi bala. Usiku analota maloto amene amakakamiza mwamuna kusamba thupi lonse. Kutacha anafunsa anzake ngati chilipo chilolezo choti achite tayammamu m'malo mosamba. Anzakewo anamuyankha kuti sakuona chilolezo chotere pamene madzi alipo. Munthuyo anasamba, madzi analowa pabala, namwalira. Nkhani itafika kwa Mtumiki, swalla Allahu alayhi wa sallam, anakwiya kwambiri. Imfayo anaiika pa iwo amene anayankha, nawadzudzula chifukwa cholephera kufunsa pamene sankadziwa. Akatswiri a Hadisi amasiyana maganizo pa mphamvu ya chiganizo chomaliza cha nkhaniyi, chonena za kumanga bala ndi kupukuta pamwamba pa nsalu, koma mutu wa nkhani wabweranso kudzera mwa Ibn Abbas, ndipo ma ulama akhala akuphunzitsa nawo kuyambira kale.

Taonani bwino, abale anga. Anthu aja sanali adani a malemuyo. Anali anzake a pa ulendo, anthu oswali, ofuna kuti mnzawo akhale woyera pamaso pa Allah. Chimene anasowa ndi kudziwa, ndipo anayankha ngati odziwa. Munthu wovulala m'mutu sadziweruza yekha, pakuti chiwalo chimene akanaganizira nacho ndicho chavulala. Amaweruza ndi amene amuzungulira: mkazi wake, bambo wake, mnzake wa pa mota, mphunzitsi wake, anzake a pa mpira. Kuno kwathu ku Malowera chiweruzo chimene chimamveka kawirikawiri ndi ichi: "Wadzuka, akuyankhula, magazi palibe, ali bwino." Lero ndikufuna tione kuopsa kwa mawu amenewa.

Ubongo ndi chinthu chofewa, ndipo umakhala m'timadzi mkati mwa chigaza. Mutu ukagunda pansi, kapena thupi likagwedezeka mwamphamvu mwadzidzidzi, ubongo umasuntha ndi kudzigunda ku fupa la mkati. Khungu likhoza kukhala losang'ambika, fupa losasweka, koma ntchito ya ubongo itasokonezeka. Amayi amadziwa kuti mazira amene ayenda pa njinga mumsewu wa miyala kawirikawiri saswa anapiye, ngakhale chigoba chikuoneka chabwinobwino. Madokotala pa Chipwitikizi amati concussão cerebral, pa Chiarabu amati irtijaj al-mukh, ife tinene kuti kugwedezeka kwa ubongo. Olemba mbiri ya zachipatala amatchula Abu Bakr ar-Razi, dokotala wa ku Rayy ndi ku Baghdad amene anamwalira cha m'ma 925, kuti ndiye anayamba kulekanitsa momveka vuto limeneli ndi mabala ena a ubongo. Papita zaka zoposa 1000 chilembere dokotala wa Chisilamuyu zimenezi, koma ife tidakayesabe kukula kwa ngozi ndi kuchuluka kwa magazi a pa malaya.

Anthu ambiri amene ubongo wawo wagwedezeka sakomoka konse. Ichi chisungeni. Munthu amadzuka, koma mutu ukumupweteka, akumva chizungulire ndi nseru, kuwala kwa dzuwa kukumulasa m'maso, phokoso likumusowetsa mtendere. Amafunsa funso limodzi katatu. Sakumbukira m'mene wagwera. Amayankha mochedwa, maso ali tong'o ngati akuyang'ana kutali. Wina amapsa mtima pa zinthu zazing'ono kapena kulira popanda chifukwa. Zizindikiro zina zimadza pompo, zina madzulo, zina mawa lake. Ambiri otere amachira akapuma bwino: wamkulu kawirikawiri m'masabata 2, mwana nthawi zina mpaka masabata 4.

Koma pali china choopsa chimene chimabisala kuseri kwa zizindikiro zomwezi, ndicho kutayika kwa magazi mkati mwa chigaza. Pambali pa mutu, pamwamba pang'ono pa khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Mtsemphawo ukaduka, magazi alibe kotulukira, amaunjikana ndi kukanikiza ubongo. Wovulalayo akhoza kukomoka pang'ono, nkutsitsimuka, nkuyenda yekha mpaka kunyumba, nkudya nsima, nkucheza ndi ana ake. Patapita maola angapo amayamba kusinza, ndipo tulo take sitithanso. Pa maliro anthu amati, "Koma dzulo lomweli timacheza naye." Madokotala amaidziwa bwino nthawi yonyenga imeneyi, pamene munthu amaoneka wabwino magazi akuunjikana. Ndiyo nthawi imene Allah watipatsa kuti tithamange naye, ndipo ndiyo imene timaiwononga ndi mawu oti tione kaye m'mene kuchere.

Choncho mvetserani, ndipo amene akumva akauze amene sanabwere, makamaka amayi athu kunyumba. Munthu wagunda mutu. Ngati anakomoka ngakhale kamphindi, ngati akusanza mobwerezabwereza, ngati mutu ukunka nupwetekerabe, ngati akusinza mwakuti kumudzutsa kukuvuta, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Chimodzimodzi ngati lilime lalemera, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, akuyenda mwadzandidzandi, sakuzindikira abale ake, kapena wayamba kuphiriphitha ngati wakhunyu. Yang'anani m'maso mwake: kadontho kakuda ka diso limodzi kakakula kuposa ka linzake, musadikire china. Magazi kapena timadzi toyera tikamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, kapena kukada kuseri kwa khutu ndi kuzungulira maso, ndiye kuti fupa la pansi pa chigaza likhoza kukhala litasweka. Musatseke khutulo ndi thonje, musathiremo mafuta.

Ponyamula munthu wotere kumbukirani khosi. Chimene chavulaza mutu chikhoza kuvulazanso mafupa a m'khosi, ndipo kumukoka manja ndi miyendo mutu uli lendelende kungamupuwalitse moyo wake wonse. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti ukhale molunjika ndi thupi, ena amuike pa chitseko kapena pa thabwa. Wokomoka samwetsedwa madzi, sapatsidwa phala, zimalowa m'mapapo. Akayamba kusanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi kuti agonere m'mbali. Mukafika kwa anamwino, nenani zoona zonse: wagwa nthawi yanji, kuchokera patali bwanji, anakomoka kapena ayi, wasanza kangati, amamwa mankhwala anji. Kuno malungo ndi ambiri, ndipo malungo a mu ubongo amafanana ndi bala la m'mutu pa kusinza ndi kusokonezeka. Mukabisa za kugwako chifukwa cha manyazi kapena kuopa mlandu, mwamusocheretsa wofuna kukuthandizani. Achipatala ali ndi muyeso wawo umene unakonzedwa ku Glasgow m'chaka cha 1974, woyambira pa 3 kufika pa 15, umene amaona nawo m'mene munthu akutsegulira maso, akuyankhulira ndi akusunthira ziwalo. Akamubwereza kumufunsa dzina lake ndi tsiku la lero, musaganize kuti akutaya nthawi. Ndipo akanena kuti apite ku Fingoé kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete, musayambe kukambirana za mtengo wa ulendo mpaka dzuwa kulowa.

Ngoziyi imabwera mosiyana pa msinkhu uliwonse. Mango akuyamba kupsa, ndipo mukudziwa kumene ana athu akhale akupezeka masana onse. Mwana akagwa mumtengo amaopa kukwapulidwa, choncho amabisa. Kholo limene mwana wake amaliopa kuposa m'mene amaopera ululu lidzamva za kugwako mochedwa. Khanda silinena kuti mutu ukupweteka. Limalira kosatonthozeka, limakana bere, limasanza, limafooka, ndipo liwombo likhoza kutukumuka. Khanda likagwa kumsana kwa mlezi kapena pabedi nkuonetsa zimenezi, musathamangire kupaka mankhwala pa liwombo. Pitani nalo kuchipatala. Ndiponso pasapezeke munthu wogwedeza khanda mwaukali kuti lisiye kulira. Khosi lake ndi lofooka, mutu wake ndi wolemera, ndipo kugwedeza kwa kanthawi kochepa kungaliphe kapena kulichititsa khungu. Mkwiyo ukakufikani, ligonekeni pamphasa, tulukani panja, itanani wina.

Achinyamata athu ngozi zawo zili pa mota, pa ngolo, m'maenje a golide ndi pa bwalo la mpira. Za mpira ndinene mwachidule: amene wagundana mutu ndi mnzake nkuoneka wozunguzika atuluke, ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale timu ikugonja. Ubongo umene sunachire ukagundidwanso kachiwiri, kuvulala kwake kumaposa koyamba, ndipo achinyamata ena afa nako.

Pa okalamba ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa apa timalakwa kwambiri. Munthu akamakula, ubongo umachepa pang'ono, ndipo timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikopa chake cha kunja timakokeka. Kugwa kwakung'ono, kuterereka ku bafa, kugunda mutu pa mphuthu ya chitseko, kukhoza kudula kamtsempha kamodzi. Magazi amadontha pang'onopang'ono. Pamapita masabata, nthawi zina mwezi ndi kuposera, aliyense ataiwala za kugwa kuja. Kenaka agogo amayamba kuiwalaiwala, kusinza masana, kukoka mwendo, kuyankhula zosagwirizana, kusokoneza marakaa a swala imene aiswali zaka 60. Ana awo amati ndi ukalamba. Ena amati ndi majini. Ena, Allah atiteteze, amafika ponena kuti nkhalambayo ikuulula ufiti wake. Pamene zoona zake nzakuti m'mutu mwa kholo lawo muli magazi amene madokotala akhoza kuwachotsa, munthu nkubwerera m'nzeru zake. Ngoziyi ndi yaikulu kwambiri kwa amene amamwa aspirina tsiku ndi tsiku kapena mankhwala ena osungunula magazi, ndi kwa amene amamwa mowa, umene Allah anatiletsa kale. Nkhalamba ikasintha khalidwe mwadzidzidzi, funsani m'nyumba monse ngati inagwapo.

Sindikukana ruqya. Kuwerengera wodwala Qur'an ndi kumupemphera dua ndi sunna, ndipo muchite zimenezo. Koma muwerengereni muli pa njira ya kuchipatala. Shehe kapena mwalimu amene abale amubweretsera munthu wogunda mutu, iye nkumusunga masiku awiri akumuwerengera, osanena kuti pitani naye kwa madokotala, waima pamalo pomwe anaima anthu a pa ulendo aja.

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikupempha Allah chikhululuko cha ine ndi inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale anga m'Chisilamu, Imam al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, anafotokoza kuti Sharia inabwera kudzateteza zinthu 5: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Bala la m'mutu limakhudza ziwiri mwa izo nthawi imodzi, moyo ndi nzeru. Akatswiri a fiqh anawerenga mabala a m'mutu ndi kumaso nawapatsa mayina okwana 10, kuyambira kukalika kwa khungu mpaka bala lofika ku ubongo. M'kalata imene Mtumiki anatumiza ku Yemen kudzera mwa Amr bin Hazm munalembedwa dipo lake: bala loonetsa fupa ngamila 5, bala losuntha fupa pamalo pake ngamila 15, bala lofika pa chikopa cha ubongo gawo limodzi mwa magawo atatu a dipo la moyo wa munthu, limene ndi ngamila 100. Ndipo ma ulama anagwirizana kuti wochotsa nzeru za mnzake alipire dipo lathunthu, ngati kuti wapha. Zalembedwa kuti m'nthawi ya Umar bin al-Khattab munthu wina anamenyedwa m'mutu nataya kumva, kuona, nzeru ndi mphamvu ya m'banja, ndipo Umar anagamula madipo 4, munthuyo ali moyo. Milandu ya kuno imaweruzidwa ndi makhoti a dziko la Mozambique, ndipo sindikunena izi kuti tiyambe kuwerengerana ngamila. Ndikufuna muone kulemera kwa mutu wa munthu pa sikelo ya Sharia.

Tsopano yerekezani kulemera kumeneko ndi m'mene ife timapepusira mutu. Mwamuna amamenyetsa mutu wa mkazi wake kukhoma nati ndi nkhani ya m'banja. Kholo limaponya chikuni kwa mwana. Ndipo, ndinene ngakhale zili za m'nyumba mwathu, m'madrasa ena mwana akalakwitsa aya amakhomedwa nkhonya pamutu kapena kumenyedwa ndi ubao, pamutu pomwepo pamene tikufuna kuti Qur'an ikhazikike. Mtumiki analetsa kumenya kumaso, ndipo mayi wathu Aisha anachitira umboni kuti iye sanamenyepo mkazi kapena wantchito ndi dzanja lake. Mayi amene wamenyedwa m'mutu nayamba chizungulire ndi kuiwala ndi wodwala wofunika chipatala, ndipo achibale amene akumubisa m'nyumba kuti mbiri isamveke akuthandizira tchimo.

Za chipewa cha pa mota, kapasete, ndamva yankho limene achinyamata ena amapereka: tsiku likakwana lakwana. Zoona, palibe amene adzafe tsiku lake lisanakwane. Koma kodi inu mumadalira Allah kuposa Mtumiki wake? Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka cha 3 cha Hijra, chimene ndi 625, Mtumiki anavala malaya achitsulo awiri ndi chisoti chachitsulo kumutu. Anamenyedwa mpaka chisoticho chinaphwanyikira pamutu pake, dzino linathyoka, nkhope inatuluka magazi. Ali ankathira madzi, Fatima akutsuka bala, ndipo magazi atakana kuleka Fatima anatentha chidutswa cha mphasa naika phulusa lake pabalapo. Anagwiritsa ntchito mankhwala amene anali nawo m'nthawi yawo. Ife lero tikanikize ndi nsalu yoyera ndi kupita kwa anamwino. Ndipo polowa mu Makka m'chaka cha 8 cha Hijra, tsiku lachipambano, chisoti chinali kumutu kwake. Wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse anateteza mutu wake navomera kuthandizidwa bala lake. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, limene pa Chipwitikizi timati OMS, linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse. Kapasete womanga bwino lamba wake amachepetsa kwambiri imfa ndi kuvulala kwa ubongo, ndipo lamulo la pamsewu la dziko lathu limamulamula kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Kapasete wopachika pa chiwongolero, kapena wovala lamba ali lende, amauluka mutu usanafike pansi. Inu amene mumanyamula anthu pa mota kuti mupeze chakudya cha ana, wokwera kumbuyo kwanu ndi amana m'manja mwanu. Ndipo inu amene muli ndi mota zingapo zimene achinyamata amakuyendetserani, kugula makapasete ndi udindo wanu musanawerenge phindu.

Amene achipatala amuona nkumubweza kunyumba, chisamaliro chake ndi ichi. Asakhale yekha tsiku loyamba ndi usiku wake. Kugona sikoletsedwa, tulo ndi mankhwala, koma womuyang'anira aonetsetse kuti akupuma bwino ndipo akhoza kudzutsidwa. Apume tsiku limodzi kapena awiri, achepetse kuyang'ana foni, kenaka ayambe kuyendayenda ndi kugwira tintchito topepuka, akuonjezera pang'onopang'ono m'mene mutu ukulolera. Kumutsekera m'chipinda cha mdima masabata sikumuchiritsa msanga. Mutu ukamapweteka amwe paracetamol. Aspirina, ibuprofeno ndi diclofenac za pa msika azipewe masiku oyambirira pokhapokha dokotala atalola, chifukwa zikhoza kuonjezera kutaya magazi. Asakwere mota, asakwere mtengo kapena denga, asatsike m'dzenje la golide, asabwerere ku mpira mpaka zizindikiro zonse zitatha. Mwana wa sukulu ndi wa madrasa abwerere pang'onopang'ono, ndipo aphunzitsi auzidwe, kuti akachedwa kuloweza asamuyese waulesi. Zizindikiro zikapitirira mwezi, kapena chimodzi mwa zoopsa zija chikaoneka, abwerere kuchipatala.

Chipembedzo sichimuumiriza munthu wotere. Ngati kuwerama ndi kugwetsa mphumi pansi kukumuonjezera chizungulire, aswali chokhala, ndipo akalephera aswali chogona cham'mbali, monga Mtumiki anamuuzira Imran bin Husayn pamene ankadwala, m'Hadisi imene ili m'buku la Bukhari. Ngati pamutu pali bala lomangidwa, asalinyowetse. Afunse kwa odziwa za kupukuta pamwamba pa nsalu ndi za tayammamu. Ikakhala Ramadhani, aya 184 ndi 185 za Surat al-Baqara zapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule ndi kudzabweza masiku ena. Wokomoka alibe tchimo pa swala zimene zamudutsa ali chikomokere.

Chotsalira ndi mtunda. Tonse tikudziwa kutalika kwa Fingoé ndi Tete kuchokera kuno, ndi m'mene misewu yathu imakhalira mvula ikayamba; ena mwa inu mumaona chapafupi kuwoloka malire kupita ku zipatala za ku Zambia. Kawirikawiri chimene chimachedwetsa wovulala ndi kusowa kwa ndalama ya mafuta pakati pa usiku. Ndikupempha akuluakulu a mzikiti uno kuti tikatha swala atsalire pang'ono, tikambirane zosunga thumba la swadaka la ulendo wa odwala mwadzidzidzi, ndi kudziwiratu eni magalimoto ndi mota amene angadzutsidwe usiku. Thumbalo lithandize aliyense wa m'mudzi muno, Msilamu ndi amene si Msilamu.

E, Allah, dalitsani Mtumiki wanu Muhammad ndi akubanja kwake. E, Allah, tisungireni nzeru zathu, kumva kwathu ndi kuona kwathu masiku onse a moyo wathu. Chiritsani odwala athu amene ali m'nyumba ndi amene ali m'zipatala. Tetezani ana athu m'mitengo ndi m'mabwalo, achinyamata athu m'misewu ndi m'migodi, makolo athu mu ukalamba wawo. Apatseni mphamvu ndi chifundo anamwino ndi madokotala amene amatilandira usiku. Khululukirani akufa athu, tipatseni mvula yamadalitso, ndipo ikani mtendere m'dziko lathu la Mozambique. Amin.

Imirirani tiswali.